Kuphunzitsa mwana kuwerenga Chichewa pakhomo kuno ku Joni

Mwana wobadwira ku Rosettenville, ku Yeoville kapena ku Diepsloot amakula akumva zilankhulo zitatu kapena zinayi. Pakhomo ndi Chichewa, pabwalo anzake amamulankhula Chizulu kapena Chisotho, kukireshi ndi kusukulu ndi Chingerezi. Makolo ambiri akaona zimenezi amaopa kuti mutu wa mwana usokonezeka, ndiye amasiya Chichewa n'kuyamba kumulankhula Chingerezi cha mawu owerengeka, chongolamula kuti adye, asambe, akagone. Zinthu zimayambira pamenepo kupotoka. Mwana amaphunzira kuganiza m'chilankhulo chomwe akuluakulu omuzungulira amachidziwa mpaka kumizu, chomwe angafotokozere nacho chifukwa chake mvula imagwa, kuseka nacho, kudzudzula nacho ndi kusimbira nthano. Kwa ambiri a ife chilankhulo chimenecho ndi Chichewa.

Ntchito yonse ya kuwerenga sitingaisiyire sukulu. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri woyesa luso la ana la kuwerenga, wotchedwa PIRLS, wa 2021 anapeza kuti ana 81 mwa ana 100 alionse a Grade 4 m'dziko la South Africa sankatha kuwerenga nkhani n'kuimvetsa, m'chilankhulo chilichonse chomwe anayesedwa. Komanso Chichewa sichili pa zilankhulo 12 za boma kuno, choncho musayembekezere kuti sukulu ya boma idzamuphunzitsa. Mwayi womwe tili nawo ndi wakuti luso lolumikiza malembo ndi maliwu mwana amaliphunzira kamodzi, kenako amapita nalo ku chilankhulo china. Ndipo Chichewa ndi khomo losavuta kulowera, chifukwa chimalembedwa pafupifupi momwe chimamvekera. Chili ndi malembo a liwu 5 (a, e, i, o, u), ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi paliponse pomwe lili. Chingerezi chili ndi maliwu pafupifupi 44 oti alembedwe ndi malembo 26 okha, n'chifukwa chake chimavuta ngakhale eni ake.

Choyamba ndi kamwa ndi khutu

M'mera m'poyamba. Khanda likamafika miyezi 10 mpaka 12, khutu lake limakhala litayamba kale kuzolowera maliwu a zilankhulo zomwe limamva tsiku ndi tsiku. Mawu oyamba amatuluka mwana akamakwanitsa chaka, ndipo akamafika zaka 2 amayamba kulumikiza mawu awiri, monga "mama madzi". Mwana wa zilankhulo zingapo amadutsa m'njira yomweyi pa nthawi yomweyi. Mukafuna kudziwa kuchuluka kwa mawu ake, phatikizani a zilankhulo zonse. Akati "ndikufuna amanzi" sanasokonezeke ayi, wangotola liwu lomwe linali pafupi. Musamukalipire, ingomuyankhani kuti, "Ukufuna madzi? Nawa madzi ozizira."

Lankhulani naye pa chilichonse chomwe manja anu akugwira, ndipo muzisinthana naye mawu. Pophika nsima nenani kuti madzi afunda, tsopano tikupanga phala, phala lakhwata, tikuthira ufa, tikuvundula ndi mthiko, tikuomola ndi chipande. M'mphindi zochepazo mwana wamva aneni asanu ndi mmodzi omwe sadzawamva pa TV. Foni ndi TV siziyankha mwana, ndipo chilankhulo chimakula poyankhana. Mufunseni mafunso oti afotokoze, osati a inde kapena ayi: "Ukuganiza kuti galu uja akuuwa chiyani?" Mukafunsa, dikirani. Werengani chamumtima mpaka 5 musanamuthandize. Akuluakulu ambiri amalanda mwana mawu ali pakamwa.

Ngati makolo nonse mumachoka m'mamawa n'kubwera kutada, sankhani nthawi ziwiri zosasuntha zoti zikhale za Chichewa chokhachokha, monga posamba ndi pogona. Magetsi akazima imeneyo ndi nthawi ya nthano. Yambani ndi "Padangokhala", iye aphunzire kuvomera "Tilitonse". Ponyani ndagi: "Ndagi!" "Gize!" "Nyumba yopanda khomo." Akalephera kutchula dzira, mpatseni dzira m'manja alizungulire kufuna khomolo. Pemphaninso agogo kumudzi kuti azijambula nthano pa WhatsApp, ya mphindi 3 kapena 4, ndipo mwana aziyankha ndi mawu ake. Chilankhulo chomwe mwana alibe munthu woti alankhule naye amachitaya msanga.

Masewera a maliwu, malembo asanabwere

Kuyambira zaka 4 kapena 5, sewerani ndi maliwu popanda pepala. Ombani m'manja phatikizo lililonse: nsi-ma, kawiri, ka-lu-lu, katatu, ga-li-mo-to, kanayi. Kenako tembenuzani: inu mutchule modula, "ma-ti-ma-ti", iye anene liwu lonse. Akazolowera, funsani liwu loyamba: "Moto, mutu, mano, onsewa akuyamba bwanji?" Yankho ndi "mmm". Masewerawa amatheka mu tekisi, pamzere wa kukiliniki kapena pochapa. Mwana yemwe sakutha kumva kuti "mutu" ndi "moto" akuyamba mofanana sanakonzeke kuona malembo, ndipo kumukakamiza kumangomudanitsa ndi buku.

Zofunika kukonza

Pemphani katoni yopanda ntchito ku spaza, muidule timakadi ta masentimita 5 mbali zonse. Lembani lembo limodzi pa kadi iliyonse, malembo aang'ono osati aakulu, chifukwa aang'onowo ndiwo ochuluka m'mabuku. Malembo a liwu muwalembe ndi mtundu wina, monga wofiira, ndipo akhale awiriawiri kapena atatuatatu popeza liwu ngati "kalulu" limafuna u awiri. Pezaninso zitsekerero za mabotolo 10, mbale yafulati yokhala ndi ufa pang'ono yolembapo ndi chala, pensulo, ndi kope limodzi la Chichewa chokha. Kopelo lisafanane ndi makope a kusukulu. Mwana akaliona adziwe kuti tsopano malembo alankhula Chichewa.

Phunziro likhale la mphindi 15, masiku 5 pa sabata. Mphindi 15 tsiku lililonse zimaposa maola awiri Lamlungu lokha, chifukwa ubongo umasunga zomwe wakumana nazo mobwerezabwereza. Gawani chonchi: mphindi 2 masewera a maliwu, mphindi 3 kubwereza makadi akale, mphindi 4 lembo latsopano, mphindi 3 kuwerenga mawu, mphindi 3 lembetso. Lekani mwana asanatope.

Kuchokera pa lembo kufika pa chiganizo

Yambani ndi a, e, i, o, u, limodzi pa tsiku kapena pa masiku awiri. Tchulani liwulo, iye abwereze, alilembe mu ufa akulitchula, kenako alipeze pakati pa makadi ena. Pano m'pamene ana a kuno amapunthwa kwambiri, ndipo chifukwa chake ndi nyimbo ya alifabeti ya Chingerezi. M'Chingerezi dzina la lembo e limamveka "i", la i limamveka "ai", la a limamveka "ei". Ndiye mukamuuza kuti alembe "nsima" amalemba "nsema". Si umbuli, akutsata zomwe anamva kukireshi. Muuzeni mosabisa kuti lembo lomweli lili ndi ntchito ziwiri, ina kusukulu ina m'kope lathu, monga momwe munthu mmodzi amakhalira amalume kwa wina koma bambo kwa wina. Mpatseni mawu ogwirira: e wa "ena", i wa "ine". Musapitirire mpaka e ndi i atakhazikika, ngakhale zitenge masabata awiri.

Kenako tengani m ndi n. Phunzitsani liwu, osati dzina la lembo: "mmm", osati "emu". Mwana wophunzira "emu" akaona "ma" amawerenga "emu-a" ndipo sangamve liwu lililonse lodziwika. Ikani kadi ya m kumanzere, ya a kumanja, muzisendeza m pang'onopang'ono mukukoka liwu, "mmm", mpaka igunde a: "ma". Chitani chimodzimodzi ndi e, i, o, u. Ndi malembo 7 okhawa mwana awerenga kale mawu enieni: ana, ine, ena, mano, moni, mame, ima. Awerenganso ziganizo: "Moni ana." "Ana anama." Tsiku lomwe mwana wawerenga yekha "moni" n'kuzindikira kuti ndi moni yemwe uja amapereka kwa alendo ndi tsiku lalikulu, ndipo muliyamikire.

Onjezani l, k, t, kenako s, b, d, w, y, z, p, f, g, v, j, malembo awiri kapena atatu pa sabata. Atadziwa l, k ndi t angawerenge "Ana akutola makala", "Atate akumeta", "Kalulu akulima". Lamulo lake ndi limodzi: musamupatse mawu okhala ndi lembo lomwe sanaphunzire. Mukatero mukumuphunzitsa kulota.

Chenjerani ndi ma-me-mi-mo-mu. Ambiri tinaphunzira poimba mndandanda umenewu, ndipo ndi wothandiza, koma mwana amatha kuuloweza ngati nyimbo osayang'ana n'komwe. Muyeseni posokoneza makadi: mo, mi, mu, ma, me. Akayamba kuyang'ana kudenga n'kumaimba kuchokera pa "ma" kuti apeze "mo", dziwani kuti waloweza chabe. Bwererani kosendeza makadi. Chimodzimodzi ndi zithunzi: mwana akaona chithunzi cha nkhuku n'kunena "nkhuku" pomwe palembedwa "tambala", phimbani chithunzicho ndi dzanja mpaka awerenge, kenako muchivundukule kuti adzitsimikizire.

Kusokoneza b ndi d n'kofala mpaka zaka 7 kapena 8. Musawaphunzitse sabata imodzi. Polemba, b ayambe ndi ndodo kenako mimba, d ayambe ndi mimba kenako ndodo. Dzanja likazolowera njira ziwiri zosiyana, diso limatsatira.

Maphatikizo a malembo angapo

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa ndi pomwe ana ambiri amaima. Yambani ndi mb, nd, ng, nj, ns, nz: mbale, ndodo, ngolo, njinga, nsomba, nzimbe. Bwerani ku w ndi y: mwana, bwalo, kwiya, idya, nyama. Kenako ts, dz, ps, bz: tsamba, dzanja, kupsa, kubzala. Phatikizo lililonse muliphunzitse ngati chinthu chimodzi pa kadi imodzi, "mba" osati "m-b-a".

Tsopano ph, th, kh ndi tch. Mwana wophunzira Chingerezi adzawerenga "phala" ngati "fala", ndipo "thumba" adzaliyamba ndi lilime pakati pa mano. Dulani kapepala kopyapyala, mukagwire patsogolo pa milomo yake. Anene "pala", kapepala sikasuntha kwenikweni. Anene "phala", kauluka. Ameneyo ndi h: kampweya kotuluka, basi. Yesani "kola" ndi "khola", muzifunsa tanthauzo la lililonse kuti aone kuti kampweyako kamasintha nkhani. Mwana wophunzira Chizulu ali ndi mwayi pamenepa, chifukwa ph, th ndi kh amagwira ntchito yofanana m'Chizulu. Iye vuto lake ndi ch, popeza m'Chizulu c, q ndi x ndi maliwu oliza lilime aja. Mukumbutseni kuti kwathu ch ndi wa "chala" ndi "chule", ndipo tch ndi mnzake wa kampweya, wa "tchire".

Zikatere mph, nth, nkh ndi ntch savutanso: mphaka, nthochi, nkhuku, ntchito. Otsiriza ndi ataliatali ngati nkhwa wa "nkhwangwa". Musaiwale ng' ndi ng. Kachizindikiro kakang'onoko ndiko kamasiyanitsa ng'oma yoimba ndi ngoma, nyama ya m'tchire. Ana ozolowera Chisotho amakonda kukasiya, chifukwa kumeneko ng yekha amamveka ngati ng' wathu. Palinso m woima payekha ngati phatikizo, wa "m'nyumba" ndi "mtengo": poomba m'manja, m-te-ngo ndi katatu.

Mawu a Chichewa amatalika chifukwa timalumikiza zambiri m'liwu limodzi. "Sindinamuone" ndi chiganizo chathunthu. Mwana akaona liwu lotere amachita mantha n'kulota mathero ake. Tengani zitsekerero zija, ikani chimodzi pansi pa phatikizo lililonse: si-ndi-na-mu-o-ne, zisanu ndi chimodzi. Akankhe chimodzichimodzi akuwerenga, kenako anene liwu lonse mwachangu. Mfundo yomuthandiza ndi yakuti phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu, kupatula m woima payekha uja, choncho akaona a, e, i, o kapena u adule pomwepo.

Ngati mwana ali mu Grade 3 kapena kupitirira ndipo amawerenga kale Chingerezi, musamubwezere ku makadi onse. Tengani sabata imodzi pa malembo a liwu, ina pa ph, th, kh, ch, tch ndi ng', kenako mulowe m'nkhani zazifupi.

Kuwerenga mosadodoma

Mwana wowerenga mojejema amafika kumapeto kwa chiganizo ataiwala chiyambi chake. Mankhwala ake ndi kubwereza ndime imodzi katatu kapena kanayi: poyamba muwerenge inu iye akutsata ndi chala, kachiwiri muwerengere limodzi, kachitatu yekha. Akalakwa musamuuze liwulo msanga. Lozani phatikizo lomwe walakwa n'kunena kuti, "Tayang'ananso apa."

Kamodzi pa mwezi muyeseni. Mpatseni ndime yomwe sanaionepo, tcherani mphindi imodzi pa foni, werengani mawu omwe wawerenga molondola, lembani chiwerengerocho kumapeto kwa kope. Miyezo yomwe unduna wa maphunziro kuno umagwiritsa ntchito pa Chizulu ndi zilankhulo zinzake ndi iyi: maliwu a malembo 40 pa mphindi pomaliza Grade 1, mawu 20 pa mphindi pomaliza Grade 2, ndi mawu 35 pomaliza Grade 3. Miyezoyi si ya Chichewa, koma ingakupatseni chithunzi, chifukwa Chizulu chimalumikiza mawu ngati ife: "ngiyakuthanda" ndi liwu limodzi monga "ndimakukonda". Musayerekeze ndi ziwerengero za Chingerezi, chomwe mawu ake ndi aafupi.

Zowerenga n'zosowa, koma zilipo. African Storybook, ntchito ya bungwe la Saide la konkuno ku Johannesburg, ili ndi nkhani za ana zaulere pa intaneti m'zilankhulo zambiri za mu Africa, ndipo mungafufuze pansi pa dzina la Chichewa ndi la Chinyanja. Za ku Zambia mudzaona zikulemba c pomwe ife timalemba ch, muuzeni mwana asadabwe. Wachibale akamabwera pa basi kuchokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe, pakati pa usipa ndi ufa pakhalenso buku la Chichewa la Sitandade 1 kapena 2. Buku la nyimbo za kutchalitchi limathandizanso, popeza mwana amawerenga mawu omwe khutu lake likuwadziwa. Koma buku lokoma kuposa onse ndi lomwe mungapange nokha: pindani mapepala 4, mwana asimbe zomwe anaona ku Park Station kapena kumsika wa ku Yeoville, inu mulembe chiganizo chimodzi pa tsamba, iye ajambule.

Kumvetsa nkhani

Akatswiri awiri, Gough ndi Tunmer, anafotokoza mu 1986 kuti kumvetsa zowerenga kumadalira zinthu ziwiri pamodzi: kutha kutchula zolembedwa, ndi kumva chilankhulocho. Chimodzi chikasowa, palibe chomwe chatheka. Ana a kuno nthawi zambiri amasowa chachiwirichi. Mwana angawerenge bwinobwino kuti "Amayi akusinja chimanga mumtondo" koma sanaonepo mtondo kapena musi, sadziwa nkhokwe, dimba, mjigo, ngakhale lichero. Musanayambe nkhani, sankhani mawu atatu omwe mukuganiza kuti sawadziwa, muwafotokoze, mumuonetse chithunzi kapena mupemphe azakhali kumudzi ajambule kavidiyo akusinja. Mawuwo muwagwiritse ntchito kangapo m'sabatayo.

Powerenga imani kawiri kapena katatu. Funsani chomwe chachitika, chifukwa chake, ndi chomwe akuganiza kuti chitsatira. Pomaliza asimbe nkhaniyo ndi mawu ake, kuyambira poyamba mpaka pothera. Akasimba m'Chingerezi, mulandireni, wamvetsa ndithu. Kenako muthandizeni kunena chiganizo chimodzi kapena ziwiri m'Chichewa. Chomwe chimapha Chichewa cha ana athu msanga ndi kusekedwa. Mwana akatchula mokhota alendo n'kuseka kuti "ameneyu ndi Mzulu", mawa sayesanso. Letsani zimenezi pakhomo panu, ngakhale wosekayo akhale wamkulu.

Gwiritsaninso ntchito Chichewa pa ntchito ya kusukulu. Katswiri wa maphunziro wa ku Canada, Jim Cummins, anaonetsa kuti mwana amatha kucheza m'chilankhulo chatsopano pakatha zaka ngati 2, koma chilankhulo cha m'mabuku chimatenga zaka 5 mpaka 7. N'chifukwa chake mwana wolankhula Chingerezi chothamanga pabwalo amatha kugwa mu Grade 4, pomwe mabuku a sayansi ndi mbiri amayamba kulemera. Akabwera ndi phunziro la momwe mbewu imamerera, kambiranani m'Chichewa, mubzale nyemba m'kachitini pawindo, aone muzu ukutsika ndi tsamba likutuluka. Akamvetsa chinthucho, liwu la Chingerezi limangokhala dzina lachiwiri.

Kulemba

Lembetso la tsiku lililonse likhale la maphatikizo 3, mawu 2 ndi chiganizo chimodzi, zonse zochokera pa zomwe waphunzira. Atchule akulemba. Akamaliza, mupatseni kadi adzichongere yekha. Pophunzitsa zizindikiro yambani ndi lembo lalikulu ndi mpumiro, kenako mfunsiro. Mpatuliro ubwere pambuyo. Pa l ndi r, lamulo la kalembedwe ndi lakuti nthawi zambiri r amabwera pambuyo pa e kapena i, monga "bwera" ndi "lira", pomwe l amakhala kwina konse, monga "lemba", "kula" ndi "gona pa bwalo". Muphunzitseni lamuloli akayamba kulemba ziganizo, osati poyambirira.

Mpatseni zolemba zenizeni: mndandanda wa zokagula, dzina pa katundu wotumiza kumudzi, kakalata ka mizere itatu kopita kwa agogo. Pa zolemba zoterezi konzani cholakwa chimodzi chokha. Pepala lodzaza ndi inki yofiira limauza mwana kuti kulemba ndi mlandu.

Pofunika thandizo la achipatala

Zilankhulo zambiri sizichedwetsa mwana kulankhula, choncho musalole kuti zikhale chophimbira vuto lenileni. Pitani kukiliniki ndi kabuku kake ka Road to Health ngati pa miyezi 12 sakubwebweta kapena kucheuka mukamuitana, ngati pa miyezi 18 alibe liwu ngakhale limodzi m'chilankhulo chilichonse, ngati pa zaka 2 sakulumikiza mawu awiri, kapena ngati makutu amatuluka mafinya kawirikawiri. Pemphani kuti ayezedwe makutu ndipo ngati n'koyenera akutumizeni kwa katswiri wa kalankhulidwe. Kwa mwana wa sukulu, ngati mwaphunzitsa mokhulupirika miyezi 6 koma maliwu omwewo amawaiwala tsiku lililonse, m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe, yezetsani maso ndi makutu, kenako kaonaneni ndi aphunzitsi ake kuti sukulu iyambe kumuunika. Tengani kope lija. Muwauze zilankhulo zonse zomwe mwana amamva, ndani amamulankhula chiti, ndipo muwaonetse ziwerengero za mwezi ndi mwezi zomwe munalemba kumapeto kwake.